Tiyi wa ku Thyolo ngati litmus

Anzanga a ku Thyolo, mumadutsa m'minda ya tiyi tsiku ndi tsiku popita kusukulu. Koma mukudziwa kuti tiyi yemweyo angagwire ntchito ya litmus? Tiyeni tiyese.

Wiritsani tiyi wopanda mkaka, mumugawe m'matambula atatu agalasi. Yoyamba isiyeni choncho. M'yachiwiri finyiranimo ndimu. M'yachitatu thiranimo chidulo pang'ono, chija amayi amatcheza kuphulusa pophika therere. Soda nayenso amatha. Muona kuti tiyi wa ndimu uja wambuwa, pomwe wa chidulo wada bii.

Chachitika n'chiyani? Mu ndimu muli asidi, ndipo asidi akalowa m'madzi amatulutsa ma ion a hydrogen, H+. Chidulo ndi besi: chimachulukitsa ma ion a hydroxide, OH-, amene amameza H+. Tsono mu tiyi muli ma thearubigin, omwe amasintha mtundu H+ akachuluka kapena akachepa. Chinthu chotere timachitcha indiketa. Litmus ndi chimodzimodzi: amafiira mu asidi, mu besi amasanduka buluu.

Mphamvu ya zonsezi timayeza ndi pH, kuyambira 0 mpaka 14. Pa 7 ndi pakatikati, pansi pake ndi asidi, pamwamba pake ndi besi. Ndimu ali cha pa 2. Apa ndiye musamale, ambiri mumagwa napo pamayeso: pH ikatsika ndi 1, H+ amachuluka kakhumi. Ndiye kuti dothi la pH 4 liposa la pH 6 ka 100, osati kawiri ayi.

Izi si za mu labotale mokha. Mvula yambiri ya kuno imatsuka calcium ndi magnesium m'nthaka, dothi n'kutsala la asidi. Tiyi amakonda zomwezo, pH 4.5 mpaka 5.5, n'chifukwa chake esiteti ngati Satemwa yakhalapo kuchokera mu 1923. Koma chimanga cha kumunda kwanu sichikondwa nazo. pH ikatsika kwambiri, aluminium wa m'dothi amasungunuka n'kupinimbiritsa mizu, feteleza wodula uja n'kungopita pachabe. Mankhwala ake ndi laimu, besi amene amafafaniza asidiyo. Koma musathire mongoganizira, alangizi a zaulimi ayambe akuthandizani kuyezetsa dothilo.

Ntchito ya kunyumba: bwerezani zonsezi ndi madzi a chidede, mulembe mitundu imene muone. Ndipo tamverani, mu labotale sitilawa kanthu pofuna kudziwa ngati ndi asidi. Ntchito imeneyo tisiyire indiketa.