Magetsi Akabwerera, Ndani Amadzutsa Seva?

Magetsi akathima pa Chia n'kubweranso, babu la m'golosale limayaka lokha. Palibe amalikhudza, chifukwa switchi inatsala yotsegula. Koma chigayo sichitero. Amayi amakhalabe pamzere ndi chimanga kapena makaka awo, kudikira kuti mnyamata wa pachigayo abwere adzadine batani. Anachipanga dala chotero. Chikanakhala kuti chimadzuka chokha, tsiku lina chikanadula dzanja la munthu amene akukonza lamba kapena kusintha sefa.

Pali makina ena amene sayenera kudikira munthu ngakhale pang'ono. Lero tiphunzira za makina otchedwa seva, ndi mmene akatswiri amaitchera kuti izidzuka yokha magetsi akabwerera.

Seva ndi kompyuta imene ntchito yake ndi kuyankha makompyuta ena ndi mafoni. Mayi wogulitsa chambo pafupi ndi mlatho wa Chia, pamsewu wa M5, akalipidwa pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, ndalamazo sizikhala m'foni mwake. Foniyo imangofunsa kuti, "Ndili ndi zingati?" Yowerengera ndi kuyankha ndi seva imene ili kutali, m'nyumba imene mayiyo sadzaiona. N'chifukwa chake foni ikagwera m'madzi ndalama sizimira nayo limodzi.

M'kati mwa seva mumakhala mapulogalamu angapo. Imodzi mwa iwo ndi imene imatumiza masamba amene timawerenga pa sikirini. Mapulogalamu odziwika pa ntchito imeneyi ndi Apache, imene inatuluka mu 1995, ndi nginx, imene inatuluka mu 2004. Seva yoyamba ya mtundu umenewu inayamba kugwira ntchito mu 1990 ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva. Amene anaikonza ndi Tim Berners-Lee. Pa kompyutayo anamatapo kapepala kolembedwa pamanja, kochenjeza anthu kuti asaizimitse. Vuto limene tikukambirana leroli linalipo kuyambira tsiku loyamba: seva ikagona, onse oidalira aima.

Seva za kuchipatala

Musaganize kuti seva zonse zili kunja kwa dziko. M'zipatala zambiri za m'Malawi muno, makamaka kumene anthu amalandirira ma ARV, kalaliki amadina ndi chala pa sikirini, ndipo kamakina kamatulutsa sitika ya timizere takuda imene amamata pa kabuku kanu ka kuchipatala. Njira imeneyi inayamba mu 2001 pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero timati Kamuzu Central Hospital. Anaiyambitsa ndi a Gerry Douglas ndi anzawo, m'ntchito imene inadzadziwika ndi dzina loti Baobab Health Trust. Podziwa za magetsi athu, anakonza zoti makinawo azidya moto wa m'mabatire.

Sikirini imene kalaliki amadina ija sisunga mbiri yanu. Imalumikizidwa ku seva imene nthawi zambiri imakhala pachipatala pomwepo, m'kachipinda kokhoma. M'menemo ndi mmene muli dzina lanu, mankhwala amene munalandira, ndi tsiku loti mudzabwerenso.

Tsono taganizani. Magetsi athima usiku wonse mpaka mabatire atha moto, seva yazima. Kum'bandakucha magetsi abwera. Anthu anyamuka kumidzi ya m'mbali mwa dziwe la Chia, ena pa kabaza, ena wapansi, ndipo pofika 7 koloko mabenchi adzaza. Ngati seva ija yadzuka yokha, kalaliki akangofika ntchito iyamba. Ngati ikudikira munthu, ndipo munthu wodziwa makinawo ali ku boma kapena ku Lilongwe, sikirini ingoti duu. Ogwira ntchito abwerera ku mapepala, mzere uyenda pang'onopang'ono, ndipo mayi amene anasiya mpunga kudimba abwerera dzuwa litapendeka. Nthawi ya munthu wodwala si yoseweretsa, makamaka pamene vutolo likanatha kupewedwa ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Ndipo kuthima kwa magetsi si nkhani yachilendo kwa ife. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, ndipo kwa nthawi yoposa chaka dziko linakhala likugawana magetsi operewera. Wotcha seva m'dziko muno ayenera kutcha akudziwa kuti idzazima kambirimbiri.

Khomo loyamba: bokosi lenilenilo

Kuti seva idzuke yokha, pali makomo awiri oti atsegulidwe. Loyamba lili pa bokosi la kompyuta.

Kompyuta iliyonse ili ndi kapulogalamu kakang'ono kokhala pa thabwa lake la m'kati, kotchedwa BIOS, kapena UEFI pa makompyuta atsopano. Ndiko kamayamba kugwira ntchito zina zonse zisanayambe. Katswiri amalowamo podina F2, F10 kapena Delete kompyuta ikangoyaka kumene. M'menemo muli funso lakuti: moto ukachoka n'kubwerera, ndichite chiyani? Mayankho amakhala atatu. Power Off ndiye kuti khala chozima mpaka munthu adine batani. Last State ndiye kuti bwerera mmene unalili moto usanachoke. Power On ndiye kuti yaka nthawi iliyonse moto ukafika. Makompyuta ambiri amachoka kusitolo ali pa yankho loyamba lija. Pa seva, katswiri asankhe Power On.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamagwetsa ntchito yaikulu. Pa thabwa lija pali kabatire kozungulira, kaphwatalala, kolembedwa CR2032. Ntchito yake ndi kusunga nthawi ndi zimene katswiri anatchera, ngakhale kompyuta ili chozima. Pakapita zaka kamatha mphamvu. Kakatha, kompyuta imaiwala tsiku, imatha kuiwalanso yankho la Power On lija, ndipo ina imaima panjira n'kulemba kuti munthu adine F1. M'kachipinda kokhoma, usiku, adine ndani? Kabatireko n'kotsika mtengo, ndipo kusintha kwake sikufuna ngakhale theka la ola. Mukaona kompyuta ya kuofesi kapena kusukulu ikusonyeza chaka cholakwika nthawi iliyonse ikayaka, dziwani kuti kabatireko katopa.

Khomo lachiwiri: mndandanda

Bokosi layaka, fani ikulira, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Koma apa seva sinayambe kuyankha aliyense. BIOS imaitana kapulogalamu kena, kamene kamadzutsa pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse. Pa maseva ambiri padziko lapansi pulogalamu yaikuluyo ndi Linux, imene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, m'dziko la Finland. Ndi yaulere, ndipo aliyense akhoza kuigwiritsa ntchito.

Linux ikadzuka imayambitsa pulogalamu imodzi yokha. Pa mitundu yambiri ya Linux masiku ano, monga Ubuntu ndi Debian, pulogalamu imeneyo ndi systemd, ndipo nambala yake ndi 1. Iyoyo ndiyo imadzutsa anzake onse. Sichita zimenezi mwachisawawa ayi. Ili ndi mndandanda, ndipo imadzutsa okhawo amene alembedwapo.

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu lonse. Werengani mizere iwiri iyi pang'onopang'ono:

sudo systemctl start nginx

sudo systemctl enable nginx

Mizereyi ikufanana, kupatula liwu limodzi lapakati. Woyambawo ukuuza systemd kuti, "Yambitsa nginx pompano." Nginx iyambadi, masamba aoneka pa masikirini onse, aliyense akondwa. Koma lamulolo ndi la lero lokha. Kompyuta ikazima n'kuyakanso, systemd iyang'ana pamndandanda wake, ndipo ngati dzinalo palibe, siidzutsa. Mzere wachiwiriwo ndi umene umalemba dzina pamndandanda. Ukuti, "Kuyambira lero, nthawi iliyonse ukadzuka, uzidzutsanso nginx."

Munthu akhoza kulemba mzere woyamba wokha, n'kuona kuti zonse zikuyenda, n'kukwera minibasi kubwerera kwawo ndi mtima wokhazikika. Cholakwikacho sichioneka tsiku limenelo. Chimabisala mpaka tsiku limene magetsi adzathime nthawi yaitali, mwina patapita mwezi, iye ali kutali. Wofuna kudziwa ngati dzina lili pamndandanda amalemba kuti:

systemctl is-enabled nginx

Kompyuta ikayankha kuti enabled, dzina lilipo. Ikati disabled, palibe.

Pa Ubuntu, Apache ndi nginx zimalowa zokha pamndandanda pamene zikuikidwa. Chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi pulogalamu yolembedwa padera, monga ya kaundula wa odwala, wa ana asukulu, kapena wa ngongole za kopaletivi. Systemd siidziwa pulogalamu yotere mpaka katswiri ailembere kafayilo kakafupi ndi kukaika mu /etc/systemd/system. M'kafayilomo amanena kumene pulogalamuyo ili, ndi mmene imayambira.

Amanenanso kuti iyambe pambuyo pa yani. Pulogalamu ya kaundula ilibe ntchito ngati nkhokwe yosunga mayina, monga MySQL, isanadzuke. Ikadzuka msanga n'kupeza nkhokwe chitsekere, imagwa pomwepo. Choncho katswiri amalemba mzere umene umayamba ndi liwu lakuti After, n'kutchula netiweki ndi nkhokweyo, kuti zitsogole. Amawonjezanso mzere wakuti Restart=on-failure, umene umauza systemd kuti pulogalamu ikagwa masana ntchito ili m'kati, iidzutsenso popanda kufunsa munthu.

Kuzima nako kuli ndi mwambo wake

Seva imene imadzuka yokha si ndiye kuti izizimitsidwa mwankhanza. Moto ukachoka mwadzidzidzi pamene makina akulemba dzina la munthu m'nkhokwe, zolembazo zikhoza kuduka pakati, ndipo nthawi zina nkhokwe imawonongeka. N'chifukwa chake pakati pa soketi ndi seva amaikapo bokosi la batire lotchedwa UPS, kapena mabatire akuluakulu odzazidwa ndi sola. UPS yabwino imauza seva kuti moto watsala pang'ono, ndipo seva imatseka mafayilo ake bwinobwino n'kuzima yokha. Apa ndi pamene yankho la Last State limasokoneza. Popeza seva inazima yokha moto usanatheretu, imakumbukira kuti inali chozima, ndipo magetsi akabwera imakhalabe chigonere. Power On ilibe vuto limeneli, bola UPS idule moto wonse kaye isanaubwezenso.

Kuno kunyanja kuli adani enanso. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumafupikitsa moyo wa mabatire. Fumbi limatseka timabowo topumira, ndipo nkhungu zikatuluka m'nyanja zimalowa paliponse pali kuwala. Kachipinda ka seva kazikhala kopita mphepo, ndi sefa pa zenera. Ndipo soketi ya seva ikhale ya seva yokha. Wozula waya wake kuti atchaje foni kapena awiritse madzi a tiyi akhoza kuimitsa chipatala chonse osadziwa.

Kuyesa

Njira yodziwira ngati zonsezi zatchedwa bwino ndi imodzi basi: kuyesa. Ntchito ya tsikulo ikatha, katswiri asunge kaye zolembedwa zonse pamalo ena, azimitse seva mwa dongosolo lake, azule waya pakhoma, adikire pang'ono, kenako abwezeretse wayayo. Akatero achotse manja. Asadine batani, asalembe kanthu. Pakangopita mphindi zingapo, kalaliki apite pa sikirini yake akafufuze dzina la munthu mmodzi. Dzinalo likatuluka, ntchito yatheka. Likapanda kutuluka, khomo limodzi mwa awiri aja likadali chitsekere, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezo katswiriyo akadali pomwepo.

Kambiranani m'kalasi mwanu: kwanu kuno ndi ntchito ziti zimene zimaima "netiweki ikavuta"? Nanga pachipatala kapena pasukulu yapafupi, makiyi a chipinda cha makina amasunga ndani? Kenako lembani m'kope mawu awiri aja, start ndi enable, ndipo pansi pa lililonse mulembe m'Chichewa zimene limachita.

Ambiri a inu, amayi ndi abambo, simudzalemba malamulo amenewa pa kompyuta, ndipo palibe chifukwa choti muwaloweze. Koma ena muli m'komiti ya chipatala, ena m'komiti ya sukulu, ena mu kopaletivi ya mpunga kapena m'komiti ya padoko. Tsiku lina adzabwera anthu ndi makina, kudzakhala mwambo ndi zolankhula. Asanakwere galimoto, mmodzi wa inu aimirire mwaulemu ndi kufunsa kuti, "Achimwene, magetsi akathima usiku n'kubwera m'mawa inu kulibe, makinawa adzuka okha?" Akayankha kuti inde, apempheni azimitse ndi kubwezeretsa moto inu mukuona.