Kumatula sitika pagalasi: Chemistry yake ndi yotani?

Tiyerekeze kuti achimwene anu apeza kashopu ka lendi ku Chinsapo 2 ndipo akufuna kutsegula golosale. Amene anatulukamo anali wometa anthu, ndiye pawindo ndi pachikwangwani padakali zilembo zomata za babashopu. Akutumani inuyo kuti mukazichotse. Mwayamba kukanda ndi mpeni, koma sitika ikungoduka tizidutswa ndipo guluu akutsalira. Mukalimbikira mukala galasi la eninyumba, basi mwalipitsidwa. Apa m'pamene Chemistry ya m'kalasi ija ingakupulumutseni.

Sitika ndi chiyani kwenikweni?

Masitika ambiri a pamashopu, pamaminibasi ndi pamabenchi a Airtel Money kapena Mpamba ali ndi zigawo ziwiri. Pamwamba pali pulasitiki yotchedwa PVC, yomwe ena amangoti vinyl. Imeneyi ndi polymer, kutanthauza unyolo wautali wa mamolekyu ang'onoang'ono ofanana, omwe pano ndi chloroethene. Payokha PVC ndi yolimba ngati mapaipi a madzi aja. Kuti izipindika amaithira mankhwala ofewetsa otchedwa plasticiser, njira imene Waldo Semon wa ku America anatulukira mu 1926.

Pansi pake pali guluu wosauma. Guluuyu amagwira mukangomukanikiza, chifukwa amalowa m'timipata tosaoneka ndi maso ta pagalasi kapena palata.

Nanga n'chifukwa chiyani sitika yakale imavuta chonchi? Dzuwa. Kuwala kwa ultraviolet kumadula maunyolo a polymer, ndipo plasticiser amachokamo pang'onopang'ono. Sitika yoti yakhala zaka zingapo padzuwa imauma gwa, n'kumathetheka ngati chigoba cha dzira.

Choyamba: itenthetseni

PVC ndi thermoplastic: ikatenthedwa imafewa, ikazizira imalimbanso. Guluu nayenso akafunda amalekerera. Choncho ntchitoyi igwireni masana windo litawombedwa ndi dzuwa, osati m'mamawa wa mu June. Ngati magetsi alipo, bwerekani chowumitsira tsitsi ku saluni n'kumachiyendetsayendetsa pamwamba pa sitika mpaka itafunda ndithu. Apo ayi, ikanipo nsanza yoviika m'madzi ofunda.

Koma madzi obwadamuka ayi! Kutentha sikuyenda msanga m'galasi, ndiye mbali yotenthedwayo imafutukuka pamene ina idakali yozizira, galasi n'kung'aluka. Paja tambula imasweka chimodzimodzi mukaithira madzi owira.

Chachiwiri: kokani mofatsa

Tukulani kona imodzi ndi chikhadabo kapena khadi lakale la pulasitiki, kenako kokani pang'onopang'ono moipindira m'mbuyo. Guluuyu ali ngati chingamu: mukachikoka mwamphamvu chimaduka, mukachikoka modekha chimatamuka. Mukafatsa, guluu amapeza nthawi yosiya galasi n'kutsatira sitikayo.

Pagalasi wamba mutha kugwiritsa ntchito lezala latsopano. Yambani mwanyowetsa galasilo ndi madzi a sopo, ndipo lezalalo muligoneke, osaliimika. Chimene chimakala galasi kwambiri ndi mchenga, chifukwa ndi wolimba kuposa galasi. Ndi fumbi la kwathu kuno, tsukani kaye windo musanayambe. Lezala lisafike pachikwangwani chopentedwa, papulasitiki, pawindo la galimoto la tinted, kapena pagalasi lakumbuyo lokhala ndi timizere ta magetsi tija.

Chachitatu: sungunulani guluu wotsala

Mwina munaonapo kuti madzi okha sachotsa zomatamata zotsalazo. Chifukwa chake n'chomwe chija chimaletsa madzi kusakanikirana ndi mafuta. Mamolekyu a madzi ndi polar, pamene guluuyu ali kumbali ya mafuta, ndipo chinthu chimasungunuka bwino mu solvent yofanana nacho. Ndiye pakanipo palafini pang'ono, sipiriti kapena mafuta ophikira, dikirani mphindi 5 kapena 10, pukutani ndi nsanza, n'kutsuka ndi sopo.

Acetone, amene amapezeka m'mankhwala ambiri ochotsera penti wa m'zikhadabo, amagwira bwino pagalasi koma amawononga penti ndi zikwangwani za Perspex. Mankhwala aliwonse muziyamba mwawayesa pakona pobisika.

Zinthu ziwiri zosayesa n'komwe

Petulo musamugwiritse ntchito. Nthunzi yake imayaka ndi kamoto kochepa, ngakhale ka mbaula ya oyandikana nawo amene akukazinga tchipisi. Palafini nayenso akhale kutali ndi moto, ndipo chitseko chikhale chotsegula.

Komanso musatenthe sitika ndi kandulo kapena kuponya zomatulazo pamoto. PVC ili ndi chlorine, ndiye ikamapsa imatulutsa mpweya wa hydrogen chloride, womwe ukakumana ndi chinyezi cha m'maso ndi m'mapapo umasanduka asidi.

Mukamaliza, pachikwangwani mutha kuonabe chithunzithunzi cha zilembo zija. Ameneyo si guluu. Penti wozungulira anasuluka ndi dzuwa pamene wapansi pa sitika anatetezedwa, ndiye ngakhale mukhule bwanji sizichoka. Auzeni achimwene agule penti basi.

Yesani nokha

Pezani mabotolo atatu agalasi okhala ndi masitika ofanana. Loyamba limatuleni lili lozizira, lachiwiri litakhala padzuwa ola limodzi, lachitatu mutalipaka mafuta ophikira n'kudikira mphindi 10. Lembani nthawi imene lililonse latenga komanso kuchuluka kwa guluu wotsalira. Kenako fotokozani m'mawu anuanu: kutentha kwasintha chiyani, nanga mafuta asintha chiyani?