Phunziro: Kusanja nkhondo za m'mbiri

Mayi akamasankha nyemba pa lichero, zofiira amaziika pazokha, zoyeranso pazokha. Olemba mbiri amachita chimodzimodzi ndi nkhondo. Akapanda kutero, munthu wofuna kudziwa kumene agogo ake anakamenya angavundukule mabuku mpaka dzuwa kulowa osapeza kanthu.

Titenge nkhondo imene makolo athu ankaitcha ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza. M'mabuku imalembedwa kuti Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ya 1914 mpaka 1918. Dzina limeneli lili ngati thunthu la mtengo. Pathunthupo pali nthambi, ndipo nthambi iliyonse ndi dera limene asilikali anathamangitsanako kwa miyezi kapena zaka. Ina ndi ya ku France, ina ya ku Russia. Yathu ndi ya kum'mawa kwa Africa, kumene Angerezi ankalimbana ndi Ajeremani amene ankalamulira dziko lomwe lero ndi Tanzania.

Panthambi pamakhala masamba. Tsamba ndi kumenyana kwa tsiku limodzi kapena angapo pamalo amodzi. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inawombera ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa Sphinxhaven m'mbali mwa nyanja yathu. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho kunaphulika mfuti pa Karonga. Mu Novembala 1917 Ajeremani anawoloka mtsinje wa Ruvuma n'kukantha Apwitikizi pa Ngomano ku Mozambique. Maiko ndi atatu, koma masamba onsewa ndi a nthambi imodzi, pakuti chomwe ankalimbirana chinali chimodzi. Wosanja amayamba wafunsa kuti ankamenyana ndani, liti, kuti, ndiponso chinawayambanitsa n'chiyani.

Masiku amasokoneza. Ku Ulaya mfuti zinaleka kulira pa 11 Novembala 1918, koma mkulu wa asilikali a Ajeremani kuno, Paul von Lettow-Vorbeck, anakatula zida pa 25 Novembala ku Abercorn. Nthambi yathu inapitirira thunthu ndi masabata awiri! Maina nawonso amasintha: Abercorn lero ndi Mbala ku Zambia, Sphinxhaven ndi Liuli ku Tanzania. Wosanja wosamala amalemba maina onse awiri.

Nanga kuwukira kwa John Chilembwe, kumene kunayamba pa 23 Januwale 1915, tikuike pati? Chilembwe anadandaula poyera kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza, choncho nkhani yake yagundana ndi ya Chiwaya. Komabe iye sankamenyera Ajeremani. Chinamupweteka ndi thangata ndi nkhanza za m'minda ya azungu. Ambiri amaika nkhaniyi m'gulu la anthu owukira atsamunda, kenako pansi pa nkhondo ya Chiwaya amalembapo kuti "onaninso Chilembwe".

Kusanja kotereku kuli ndi chilema chake. Kumaonetsa malo amene mfuti zinalira, n'kuiwala amtengatenga amene anasenza ufa ndi zipolopolo pamutu, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda. Iwowa ayenera kukhala ndi mutu wawo m'kaundula.

Tsopano jambulani mtengo m'kope mwanu. Lembani dzina la nkhondoyi pathunthu, ndipo muike Karonga pamalo pake.