Ibn Battuta: Kamba wa Paulendo ndi Maphunziro

Tikamakamba za Asilamu amene anayenda dziko lapansi, dzina loyamba kubwera ndi la Ibn Battuta. Anabadwira ku Tangier, m'dziko la Morocco, mu 1304. Mu 1325, ali ndi zaka 21, ananyamuka kupita ku Hajji, ndipo sanabwerere kwawo kwa zaka 24.

Mnyamata wotere anakwanitsa bwanji? Ophunzira, apa ndi pamene pali phunziro lathu. Iye anali ataphunzira fiqh, ndipo ankalankhula Chiarabu, chilankhulo chimene ma sheikh ankachimva kuyambira ku Mali mpaka ku India. Kulikonse kumene wafika, mizikiti ndi madrasa zinkamulandira, mafumu n'kumupatsa mphatso. Ku Delhi ndi ku zilumba za Maldives anapatsidwa udindo wa qadhi, woweruza milandu.

Cha mu 1331 anafika ku Mogadishu, Mombasa ndi Kilwa. Pa nthawiyo Kilwa inalemera ndi golide wochokera kumtunda kwa Zimbabwe kudzera pa doko la Sofala, ku Mozambique.

Atabwerera, Sultan Abu Inan analamula kuti zimene anaona zilembedwe. Ibn Juzayy anazilemba m'buku lotchedwa Rihla, monga mmene Ibn Jubayr anachitira kale ndi ulendo wake wa Hajji wa mu 1183. Mabuku amenewa anapatsa ena chilakolako choyenda, ndipo mpaka lero akatswiri a mbiri ya Africa amawadalira.

Amalonda ambiri anayenda njira zomwezo, koma mayina awo anaiwalika chifukwa sanalembe. Choncho tilimbikire Chiarabu ndi maphunziro onse, ndipo zimene agogo athu amatiuza za mmene Chisilamu chinafikira kumudzi kwathu tizilembe iwo akadali moyo.