Mafunso ndi Mayankho a M'banja: Makalata a ku Kachulu

MUULUTSI: Ino ndi nthawi ija ya mafunso ndi mayankho a m'banja. Abusa afika kale, ndipo makalata ambiri a lero achokera m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kwa Mwambo m'boma la Zomba.

ABUSA: Tiyeni tiyambe msanga, paja sabata yatha nthawi inatithera makalata ali m'manja.

MUULUTSI: Yoyamba yachokera kwa mnyamata wa pachilumba cha Chisi. Akuti, "Abusa, ndapeza mbeta ndipo tonse ndife opemphera. Koma akuchikazi akufuna chinkhoswe cha pa holo, bridal shower, kenako ukwati wa magalimoto ku Zomba. Ine ndimagwira ntchito pa bwato la eni. Anzanga akuti nditenge katapila, ndidzabweza ndi za perekaniperekani. Nditani?"

ABUSA: Katapilayo musakhudze, achimwene. Perekaniperekani ndi mphatso, ndipo mphatso siwerengeredwa isanafike m'manja. Ndaona maukwati amene pofika Lolemba mwini katapila anali ataima kale pakhomo, matiresi olandira Loweruka n'kunyamulidwa mkwatibwi akuona. Funso langa loyamba: nonse awiri mwakwanitsa zaka 18? Lamulo la maukwati la 2015 likufuna zimenezo, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa kuti anene chimodzimodzi. Ngati mwakwanitsa, tumani ankhoswe anu akakhale pansi ndi ankhoswe akuchikazi. Chinkhoswe cha makolo athu chinkachitikira pabwalo la pakhomo: kupatsana tambala ndi thadzi, malangizo, nsima, basi. Mukatero pitani kwa abusa anu, kudalitsa ukwati sikulira galimoto. Ku Kana wa ku Galileya vinyo anatha phwando lili mkati, koma Yesu anali pomwepo ndipo sanachoke. Akuchikazi akaumirira holo, auzeni mwaulemu kuti ndalamayo mukufuna mugulire malata a nyumba imene mwana wawo adzagonemo. Ina.

MUULUTSI: Iyi ndi ya mayi wa ku Jali. "Amuna anga sapita kutchalitchi. Ndimapita kumapemphero a usiku katatu pa sabata kuti asinthe, ndagulanso madzi ndi mafuta odzozedwa, koma iwo angoyamba kukwiya."

ABUSA: Amayi, mtima wanu ndi wabwino, koma katatu pa sabata ana amagona ndi yani? Chepetsani maulendo a usikuwo. Pempherani m'nyumba mwanu momwemo, mawu awiri nsima isanadyedwe, ana ali pomwepo. Abambo akangokhala chete asiyeni, akumva ndithu. Za madzi ogulawo ndanena kambirimbiri pa wailesi pano, ndipo ndinenanso: pemphero siligulitsidwa m'botolo. Ndalama imeneyo mugule sopo ndi makope a ana.

MUULUTSI: Yachitatu ndi yayitaliko. Akuti, "Abusa, dzina langa musatchule. Ndimakhala ku Kachulu ndipo ndili ndi ana anayi. Amuna anga ndi msodzi, amakhala ku zimbowera, pa mabango oyandama m'nyanja, mwezi wathunthu, nthawi zina iwiri. Matemba akagwa bwino ndimangomvera kwa anthu a padoko kuti agulitsa zambiri, koma kunyumba amabwera ndi kangachepe, foni yatsopano ili m'thumba. Ndikafunsa amati ndalama zili m'madzi, mawa akaphanso. Nyanja ikatsekedwa timagona ndi njala, ndipo mwana wamkulu anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Ndamvanso mphekesera za mayi wina wogula nsomba. Ife tinadalitsa ukwati kutchalitchi. Ndipirire, kapena ndiwauze azipita kwawo?"

ABUSA: Iyi musaichotse msanga, mwana wanga, iyikeni apa.

Amayi, pepani kwambiri. Musawathamangitse lero, komanso musapirire chamumtima mpaka kudwala. Dikirani atuluke m'nyanja, agone tsiku limodzi, asanalawe chilichonse, ndiye muitane ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi mkulu wa mpingo mmodzi. Mlandu wa m'banja sukambidwa padoko anyamata a kabaza akumvetsera. Za mphekesera zija, musakamenyane ndi mayi winayo. Pemphani pamaso pa ankhoswe kuti inu ndi abambo mukayezetse magazi limodzi. M'zipatala za boma kuyezetsa ndi kwaulere, mankhwala otalikitsa moyo ndi aulerenso.

Koma ine ndikufuna ndilankhule ndi abambowo, pakuti ndikudziwa kuti ku zimbowera mawailesi amalira usiku wonse. Abambo anga, mawu akuti ndalama zili m'madzi apasula mabanja ambiri m'mbali mwa Chilwa kuposa njala. Munthu wa ku Kachulu anganene bwanji mawu amenewa? Nyanja iyi inaphwa mu 1968, agogo anu akukumbukira. Inaphwanso mu 1995. Mu 2012 madzi anathawa, ndipo mu 2018 mabwato anangokhala pamatope ong'aluka padoko pomwepo, inu mukuona ndi maso anu. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, komanso ndi yosaya, n'chifukwa chake malo ambiri mumayendetsa bwato ndi mtengo. Imadalira mvula ya kumapiri imene imabwera ndi Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe. Mvula ikavuta zaka ziwiri zitatu zotsatizana, dzuwa limamwa madzi onse. Namondwe wa Freddy atadzaza nyanja mu 2023 mpaka madzi kulowa m'midzi, anthu aiwala kale kuti pansi pakepo anayendapo ndi mapazi.

Tisiye za kuphwa, zimene zimabwera patapita zaka. Nanga kutseka kwa nyanja? Chaka ndi chaka Disembala akafika makoka amaletsedwa kuti nsomba ziswane. Palibe msodzi amene sadziwa. Ndi nthawi yomweyo imene nkhokwe zimatha, chimanga chimakwera mtengo pamsika, ndipo mu Januwale sukulu imatsegulira teremu yachiwiri. Zonsezi zili pa kalendala, abambo anga. Nanga zimakudzidzimutsani bwanji chaka chilichonse?

Mu 1995 nyanja itaphwa, nsomba zotsala zinathawira m'maiwe a m'mitsinje. Mafumu ndi alangizi a za nsomba anagwirizana kuti maiwe amenewo atetezedwe, ndipo kuthira katupe wophera nsomba kunaletsedwa. Anthu anali ndi njala, milamba akuiona m'madzi, koma anauzidwa kuti iyi ndi mbewu. Madzi atabwerera, matemba ndi makumba amene munayambanso kupha anachokera mmenemo. Banja nalonso likhale ndi dziwe lake losathiramo katupe: ndalama imene bambo ndi mayi onse awiri akuidziwa, ndipo palibe amene angaikhudze yekha.

Ndikukumbukira banja lina m'mbali mwa Chilwa, anthu osadziwika, okhala kumbuyo m'tchalitchi. Analibe china koma kope la sukulu ndi pensulo. Bambo akagulitsa, madzulo amakhala pamphasa ndi mayi, kulemba zolowa, kupatula chopereka, ya chimanga, ya fizi, ya kusoka ukonde, yotsala n'kugula mbuzi. Anzawo padoko ankawaseka kuti bambo uja anadyetsedwa, mkazi ndiye akumuyendetsa. Madzi atathawa, iwo anagulitsa mbuzi, n'kubwereka kamunda ka mpunga kufupi ndi Likangala, ana sanasiye sukulu. Ena mwa oseka aja anazula malata a nyumba zawo kukagulitsa, ena anapita ku Mozambique kukasaka maganyu osabwereranso, ana n'kutsala ndi agogo. Yosefe ku Aigupto sanachite zamatsenga. M'zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu ankapatula gawo limodzi mwa magawo asanu, basi, ndipo dziko linapulumuka.

Lero n'zosavuta kuposa kale. Mukagulitsa matemba m'nyanja momwemo, tumizani tsiku lomwelo pa Airtel Money kapena Mpamba kwa mayi a kunyumba, muwaimbire, muwauze kuti ndagulitsa zakuti, ndatumiza zakuti, zotsala ndi izi. Ndalama yogona m'thumba ku zimbowera ili ndi adani ambiri: kachasu, juga, kubetcha pa mpira, ndi anzanu aja amene amakukondani pa tsiku la malonda lokha. Chimanga gulani mu Meyi anthu akukolola, musadikire Febuluwale.

MUULUTSI: Abusa, pali makalata ena.

ABUSA: Ndikubwera, mwana wanga, apa pali moyo wa ana anayi.

Tisawaweruze abambowa osawamva. Moyo wa ku zimbowera si wamasewera. Munthu amagona pa mabango oyandama, udzudzu, mphepo, madzi akumwa ndi omwewo a m'nyanja, ndipo kolera wapha asodzi kumeneko kangapo. Akatuluka amafuna amve kuti kwawo akumuyembekeza. Ndiye pali nkhani ya chikamwini, imene ambiri safuna kuitchula. Bambo ena amabisa ndalama chifukwa cha mantha: ndikamanga ya malata pamudzi pa akazi anga, tsiku lina adzandiuza kuti nyamula bulangete lako. Amayi, kalata yanu yomwe ikuti "azipita kwawo". Mawu amenewo akamamveka pa mkangano uliwonse, mwamuna amayamba kukonza pothawira. Eni mbumba, amalume, apongozi, mkamwini si waganyu. Amene munamulandira kutchalitchi pamaso pa Mulungu mupatseni ulemu wa mwini nyumba, ndipo chimene awiriwa amanga chidziwike kuti ndi cha iwo ndi ana awo.

Amayi nanunso ndili nanu mawu, osati inu nokha olemba, ndikunena nonse. Banki m'khonde ndi yabwino, yaphunzitsa ana ambiri. Koma alipo amayi amene alowa magulu atatu amuna awo osadziwa, kukongola uku kukabweza uko, chifukwa cha chitenje cha ukwati uliwonse. Kubisa ndi kubisa, kaya abisa ndi bambo kaya ndi mayi. Ifenso a mipingo tichepetse. Mlungu uno pepala, wamawa yunifolomu yatsopano, winawo mphatso za alendo, pamene Akhristu athu ali m'miyezi ya njala. Chopereka cha mayi wamasiye chimene Yesu anayamikira chinali timakobiri tiwiri.

Kukhala moyo wosalira zambiri sindikunena kuti muzivala nsanza. Ndikunena kugona opanda ngongole, kudya limodzi chimene chilipo, ndi foni imene mkazi wako angayankhe iwe uli kosamba mtima wako osagunda. Za kupereka nsomba kwa amayi ogula posinthana ndi thupi, tonse tikudziwa kuti zimachitika m'madoko athu. Abambo, ndi tchimo, komanso ndi kudyera masuku pamutu munthu amene akusaka chakudya cha ana ake, ndipo matenda amene mungatenge kumeneko mukawatula kwa mayi wosalakwa. Ku Kachulu kuli amayi amene anaphunzira kuyanika matemba m'matenti a dzuwa, nsomba n'kutuluka zopanda mchenga, zogulika bwino m'tauni. Bwanji nsomba zanu osazipereka kwa akazi anu omwe, iwo ayanike ndi kukagulitsa ku Zomba, phindu lonse ligwere m'nyumba imodzi?

Petro anali msodzi ngati inu, ndipo anali ndi banja. Tikudziwa chifukwa Yesu analowa m'nyumba mwake ku Kapernao n'kuchiritsa apongozi ake amene anali gone ndi malungo. Ambuye anamupeza Petro kunyanja, koma anamutsata mpaka kunyumba, kumene kunali mkazi wake ndi apongozi. Inu amene mumapemphera mphepo ikakuthirani pakati pa nyanja, muziwatenga Ambuyewo mpaka pakhomo. Usiku woyamba mukatuluka, sonkhanitsani ana, werengani ndime imodzi, pempherani mwachidule, kenako tulutsani ndalama muwerenge ndi mayi. Anansi athu Achisilamu amene mumakoka nawo khoka limodzi, malangizo a ndalamawa ndi anunso.

Amayi olemba, ankhoswe akalephera ndipo abambo akakanitsitsa kusamala ana, khoti la majisitireti lili ndi mphamvu yowalamula kupereka chithandizo. Kupita kumeneko si kuchimwira ukwati wanu. Koma yambani ndi ankhoswe ndi mpingo, ndipo mudzatilemberenso.

MUULUTSI: Yomaliza, mwachidule Abusa. Mtsikana wa ku Govala akuti achemwali ake amamenyedwa ndi alamu ake pafupifupi sabata iliyonse, ndipo ankhoswe amangoti banja ndi kupirira.

ABUSA: Ayi. Timapirira umphawi, timapirira matenda, chibakera sitipirira. Ankhoswe amenewo alakwa. Ena amabisala kumbuyo kwa mwambi woti banja ndi awiri, wachitatu ndi kapasule, koma wopulumutsa munthu amene akumenyedwa si kapasule. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006. Mwana wanga, tengani achemwali anuwo mawa lomwe, apite kuchipatala akaonedwe mabala, kenako kupolisi ku Victim Support Unit. Ngati pali chiopsezo usiku uno, agone kwa makolo pamodzi ndi ana. Abusa kapena mkulu wa mpingo amene angawabweze kunyumba yomenyedwerako popanda kuthana ndi womenyayo adzayankha pamaso pa Mulungu.

Ndipo akulu a mipingo ya ku Kachulu, Chisi ndi madoko onse a Chilwa, pamodzi ndi makomiti a m'madoko, ndikukupemphani: nyanja isanatsekedwe chaka chino, itanani asodzi ndi akazi awo pamalo amodzi mukambirane za ndalama ya miyezi yotseka. Musaitane amayi okha monga mwa chizolowezi. Abambo akhalepo.

MUULUTSI: Omvera, nthawi yathu yathera pomwepa. Makalata a ku Mayaka ndi ku Domasi amene atsala tidzayamba nawo sabata yamawa, ndipo amene simukufuna kutchulidwa dzina lembani choncho pamwamba pa kalata yanu.