Pakhonde pa Azakhali: Wa sikelo ziwiri akufuna ukwati

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 24, ndimakhala ku Mchinji. Ndili ndi chibwenzi ndipo tagwirizana zochita chinkhoswe chaka chino. Mnyamatayu ndi wolimbikira, samwa mowa, ndipo kwathu amamukonda. Geni yake ndi yogula soya ndi mtedza kwa alimi n'kukagulitsa ku Lilongwe. Mwezi watha ndinapita kukamuthandiza kulemba m'kope pamalo pomwe amagulira. Mayi wina anabweretsa thumba la soya, sikelo inati 46 kg, ndipo ndinalemba. Madzulo thumba lomwelo, osathiramo kanthu, analiyeza pa sikelo ina yomwe amasunga m'nyumba, linakwana 50 kg. Nditamufunsa anangoseka, amvekere mbuzi imadya pomwe aimangirira, aliyense amatero, alimi nawonso amathira mchenga. Kenaka anati, "Foni uli nayoyo umayesa inachokera kuti?" Azakhali, sanathyolepo nyumba ya munthu. Kodi kumeneku n'kuba? Ndipitirize naye?

Wothedwa Nzeru, Mchinji

Mwana wanga Wothedwa Nzeru,

Nzeru sizinakuthere ayi. Wothedwa nzeru sakanaona kuti 46 ndi 50 ndi manambala osiyana. Chakuvuta iwe ndi foniyo. Ndikuchita kukuona ukulemba kalatayi pa foni yomweyo, chala chikutsetsereka bwinobwino pagalasi, misozi ili lengelenge. Pukuta m'maso tikambirane.

Tiyambe tawerengetsa, poti wogwira kope unali iwe. Pa thumba lililonse bwanayo akutapa 4 kg. Tingoyerekeza kuti wagula matumba 25 pa tsiku. Ndiye kuti 100 kg, matumba awiri athunthu, alowa m'nyumba mwake osatulutsa ngakhale tambala. Pa masiku 6 ndi matumba 12. Kuti banja lipeze matumba 12 a soya limayamba mu Disembala: kudzala, kupalira, kuzula, kuomba, kupeta, msana kuchita kuuma. Ndiye poti wandifunsa ngati n'kuba, nane ndikufunse. Munthu atabwera usiku n'kusenza matumba 12 m'nyumba mwa bambo ako, ungandilembere kalata kapena ungakuwe? Wausikuyo bola, amatuluka thukuta ndipo amaopa agalu. Wakoyu amatapa ali khale pampando, woberedwayo n'kuombanso m'manja, "Zikomo bwana, tionana chaka chamawa."

Usaganize kuti luso limeneli analipeka yekha. Sikelo zopachika pamtengo zija zili ndi sipuling'i mkati. Ena amaisintha kuti iziuma, ena amabweza kamuvi kuti kaziyambira kumbuyo kwa ziro. Amene alibe luso la zitsulo ali ndi bondo: thumba likulendewera, iye waligwiriziza pang'ono mmunsi, pakamwa akukufunsa za mvula ya kwanu ndi moyo wa agogo. Akatero achotsanso 1 kg "ya thumba", thumba loti mphepo ikhoza kuliulutsa, n'kuchotsanso ina "ya chinyezi" pa soya wouma mpaka kuthetheka. Oyeza ndi ndowa ali ndi zawo. Pogula amabwera ndi ndowa yotambasuka mimba, pogulitsa amatulutsa ija anaikhomera kunsi kuti ilowe mkati.

Chaka chilichonse Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo a Malawi Bureau of Standards amayendera sikelo, yolungama n'kuiika chizindikiro, yokhota n'kuilanda. Venda wochenjera salimbana ndi mtengo wa boma. Amaulemba pakatoni ndi zilembo zikuluzikulu, mwinanso n'kuonjezerapo pang'ono kuti alimi aunjikane pa iye, kenaka ndalama yakeyo n'kuibweza kudzera pa kamuvi. N'chifukwa chake wako uja ali ndi sikelo ziwiri, ya alimi ndi ya mwini wake. Waona pamenepo? Iye safuna kupondedwa. Akamanyamuka ulendo wa ku Lilongwe amafuna adziwe chenicheni chimene wapakira. Munthu wokonda choonadi mpaka kuchigulira sikelo yakeyake n'kuibisa kuchipinda, usamumvere chisoni kuti mwina sadziwa chomwe akuchita.

Pa mawu oti aliyense amatero, sananame kwenikweni, ndipo mpamene pamandiwawa ine. Ulawire tsiku lina uyende m'tauni. Thumba la makala pamwamba pali onenepa okhaokha, pofika pakati ndi fumbi ndi makungwa. Pamulu wa tomato wowala ali pamwamba, wophwanyika anamugoneka pansi chafufumimba. Mpunga akuti Kilombero weniweni wa ku Karonga, koma fungo lili m'kambale konunkhizira kokha. Uchi ndi shuga wowiritsa. Petulo wa m'zigubu, mafuta akasowa, amabwera atakwatitsidwa kale ndi parafini. Minibasi ukaiona yatsala anthu awiri kuti idzadze, ukwere, uona anyamata anayi akutsika mmodzimmodzi kukaitanira ena, ndipo chenji chako kondakitala "ndikupatsani kutsogoloku mayi" mpaka utsike utaiwala. Atelala ndiye ndisayambe. Uwapatse nsalu yokwanira bwino, akuuze kuti yachepa, Lamulungu kutchalitchi uone mwana wawo wavala malaya ofanana ndi diresi lako, mpaka anthu kumafunsa ngati muli pachibale.

Ndiye taona mmene zimayendera. Wamakala waponda watomato, watomato waponda kondakitala, kondakitala wadya chenji cha wamakala. Pofika madzulo palibe walemera. Aliyense wabwerera kwawo ndi katundu woipa, ndipo mawa lake tonse tikutaya nthawi kukhuthula matumba, kutembenuza tomato, kununkhiza mpunga, kukangana ndi munthu amene tikanangomupatsa moni n'kugula. Ukawafunsa amati ndi nyengo, zinthu zavuta. Zavutadi, sindikana. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa sopo tonse tinauona. Koma inagwera venda yekha? Mayi wa thumba uja sopo amagula kudziko lina?

Alimi othira mchenga aliko, ndipo sindiwaikira kumbuyo. Mabelo a fodya amabwezedwa ku okushoni, ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, atapezeka ndi zinyalala pakati. Koma kamufunse mnzakoyo ngati mayi uja anathira mchenga. Ngati sanathire, akulipira mlandu wa yani? Ndipo kubwezerana kumeneku kumafika poipa. Mlimi akadziwa kuti sikelo imudyera, amawaza madzi mtedza kuti ulemere. Mtedza wonyowa ukatsekeredwa m'thumba umachita chuku, ndipo chukucho chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Kukazinga sikumuchotsa, kusinja sikumuchotsa. Mtedza wabwino akausankha kupita nawo kwa ogula akuluakulu, wotsalawo ndi umene timagula ife pamsika kusinja nsinjiro za m'phala la mwana. Mwana wa yani? Mwina wako yemwe, amene udzabereke ndi bwana wa sikeloyo.

Tsopano za ukwatizo. Ine sindiletsa munthu kukwatiwa. Ndikakuletsa, mawa ukadzakalambira pakhomo pa amako udzati Azakhali ndi mfiti, anandithamangitsira mwamuna wa geni. Koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndiye uyambe wadzifunsa ngati uli nawo mtima wotero. Dzanja lozolowera kutapa silisiyanitsa kuti pano ndi pamsika, pano ndi pakhomo. Lero ndi 4 kg ya mayi wosamudziwa. Mawa ndi ndalama ya banki m'khonde yomwe wamutengera iwe m'dzina lako, "ndibweza Lachisanu", Lachisanu lake losatchula mwezi. Mkuja udzamufunsa kuti ku Lilongwe soya anayenda bwanji, yankho lake adzakuyezera pa sikelo ya alimi ija. Wati samwa mowa? Chabwino. Ndiye kuti zonsezi amachita ali bwinobwino, maso ali gwa.

Usaiwalenso kuti kupeza katundu mwachinyengo ndi mlandu, ndipo anthu a pamsika akagwira sikelo yokhota si onse amene amadikira apolisi. La fote likadzakwana, wogwira kope amathamangitsidwa limodzi ndi mwini sikelo. Iwe ndi tinsapato tako tija sindikuona ukufika patali.

Chita izi. Usathamangire kwa amalume, usalalate, ndipo chonde usakalembe pa Facebook. Mukhale pansi awiri, umuuze kuti sikelo ya m'nyumba ija ndiyo izipita kumsika, inayo apachike kudenga, ndipo pakope ukhalapobe iwe. Kuyesa sikelo sikulira sukulu. Madzi a malita 20 amalemera 20 kg, kuphatikizapo pang'ono pa chigubu chake. Mapaketi asanu a shuga a 1 kg ndi 5 kg. Phindu lichepa poyamba, usamunamize, koma alimi si ana. Amauzana pamjigo ndi pamaliro kuti sikelo ya uje siiba, ndipo amalambalala mavenda atatu kukafika kwa ameneyo.

Ukamayankhula uzimuyang'ana nkhope. Akanyinyirika, kukanda m'mutu, koma n'kuvomera, muli munthu mmenemo, pitirizani, ndipo pa chinkhoswe mundiitane ndidzavine. Akakwiya n'kuyamba kuwerenga zomwe anakugulira, foni, wigi, tchipisi cha pa Kamwendo, umupatse foni yakeyo ndi manja awiri mwaulemu, ubwere kuno ndikubwereke yanga ya mabatani. Imalira mokweza ndipo ili ndi tochi.

Azakhali

* * *

Azakhali,

Ndine bambo wa ana atatu, ndimakhala ku Ndirande. Lachiwiri lapitali pa foni yanga panabwera uthenga woti ndalandira K80,000. Posakhalitsa mayi wina anaimba akulira, akuti walakwitsa nambala, ndalamayo ndi yogulira bokosi la maliro a mchemwali wake. Ndinamva chisoni ndipo ndinamubwezera K60,000, yotsalayo ndinati ikhale ya vuto langa. Madzulo poyang'ana ndinapeza kuti K80,000 ija sinalowe n'komwe. Yomwe ndinatumiza ndi ya lendi imene mkazi wanga anandisungitsa. Nambala ija sikupezekanso. Anthu masiku ano alibe umunthu. Ndiwauze bwanji mayi akunyumba?

Bambo Wachifundo, Ndirande

Bambo Wachifundo,

Chifundo chanucho ndachiyeza, chakwana 75 peresenti. Mayi akulira maliro m'khutu mwanu, inu mutu uli pa masamu: bokosi la K60,000 likwana, malemu sadandaula. Ndiye mukuti anthu alibe umunthu! Munakumana akathyali awiri pa foni imodzi, kungoti mnzanuyo ndi ntchito yake, inu munali ongoyeserera.

Uthenga uja sunachokere ku kampani. Anaulemba munthu ndi zala zake potengera mawu a uthenga weniweni, n'kuutumiza pa nambala wamba. Weniweni umabwera ndi dzina la kampani pamwamba, osati nambala yoyamba ndi 09 kapena 08. Kulira kuja n'chida cha ntchito, amafuna musapeze mpata woyang'ana ndalama zomwe muli nazo. Mukanangodina *211# ngati muli pa Airtel Money, kapena *444# ngati muli pa Mpamba, maliro aja akanathera pomwepo. Ngakhale munthu atalakwitsadi nambala, muuzeni aimbire kampani, ndiyo ili ndi njira yobwezera.

Atambwali otere adzabweranso atavala zina. Mwana wanu wakomoka kusukulu, tumizani ya galimoto. Dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo, perekani yolembetsera. Ndife akampani, tikukonza akaunti yanu, tchulani PIN. PIN sauza munthu bambo, ngakhale ine Azakhali anu nditalira chotani. A MACRA analamula mu 2018 kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe ndi chiphaso, koma atambwaliwa amalembetsa ndi ziphaso za eni ake, ndipo apolisi anenapo kangapo kuti ena mwa oimbawo amakhala ali m'ndende ku Zomba. Taganizani! Munthu wotsekeredwa kale waponda inu oyenda mfulu, a pa Ndirande penipeni, kumene tinkamva kuti ana amabadwa maso ali otsegula.

Kanenenibe ku kampani ndi kupolisi kuti nambalayo itsekedwe isapweteke ena, koma zoti ndalamayo ibwerera musaikepo mtima.

Mayi akunyumba auzeni lero, alandilodi asanagogode, ndipo musayambe ndi nthano za netiweki. Gawo la K20,000 lija mulinene ndithu, kungoti muyambe mwaona kuti mthiko uli patali. Kuyambira mwezi uno ya lendi izikhala m'foni mwawo.

Azakhali