Phunziro: Mabotolo a Zamathanzi, Ndalama Zathu, ndi Nkhani ya Mkaka

Kuwerenga: Marko 5:25-34 ndi 1 Timoteo 4:1-5

Tikamawerenga za mai uja wa nthenda yotaya mwazi timafulumira kufika pamene anakhudza covala ca Yesu, ndipo n'koyenera kutero. Koma lero tiyambe taima pa ndime 25 ndi 26. Marko atiuza kuti maiyu anadwala zaka 12, anapita kwa ociritsa ambiri, cuma cake conse cinathera komweko, koma nthenda inangokulirakulira. Marko samdzudzula mai ameneyu. Munthu wodwala, kapena amene mwana wake adwala, amapereka ciliconse cimene ali naco. Ndipo m'mibadwo yonse pakhala anthu odziwa bwino zimenezi.

Masiku ano wogulitsa sakhala mlendo ai. Ndi mnzathu wa m'Cigwirizano, wovala yunifolomu monga ife, amene tikatha pemphero lotsekera amatsegula cikwama. M'menemo muli tiyi amene akuti acotsa zoipa m'thupi, ufa wosungunula m'madzi, madzi a aloe, makapisozi, khofi. Akuti zimenezi zithetsa BP, shuga, zotupa za m'cibaliro, kusabala, ndi nyamakazi. Akatha kufotokoza za botolo, anena kuti nanunso mungathe kulowa ndi kuyamba kupeza ndalama, mukangogula katundu woyambira ndi kubweretsa anzanu. Dzina lake la malondawa ndi network marketing. Ena mwa ogulitsawa amaonjeza cenjezo lakuti tileke kumwa mkaka, pakuti mkaka wa ng'ombe ndi wa mwana wa ng'ombe, ndipo kwa munthu ndi poizoni.

Sindilemba kuti ndinyoze mai aliyense amene agulitsa zinthu izi. Ambiri akhulupiriradi zimene anena, ndipo afuna ndalama ya sukulu ya ana monga ife tonse. Koma Miyambo 14:15 isiyanitsa munthu wongovomera zilizonse ndi munthu wopenyetsetsa pamene aponda. Tiyeni tipenyetsetse.

Ndalama icokera kuti?

Mai wogulitsa tomato pa msika apeza phindu kwa munthu amene afuna tomato. M'malonda awa, ndalama yaikulu imacokera kwa amene mwawalowetsa, ndi kwa amene iwonso alowetsa. Aliyense wolowa agula katundu woyambira, ndipo m'makampani ambiri ayenera kugulabe mwezi ndi mwezi kuti asataye malo ake. Conco wogulitsa ndiye wogula wamkulu, ndipo gawo la ndalama yake likwera kwa amene ali pamwamba pake.

Tengani pensulo tiwerengere pamodzi, monga ticitira ndi ana a sukulu. Tinene kuti mwauzidwa kupeza anthu 5, ndipo aliyense wa iwo apezenso 5. Mzere woyamba uli ndi anthu 5, waciwiri 25, wacitatu 125, wacinai 625. Pofika mzere wa nambala 10 pafunika anthu 9,765,625, ndipo mzere wa nambala 11 ufuna anthu oposa 48 miliyoni. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'Zambia monse tinalimo anthu 19.6 miliyoni, kuwerengera ndi makanda omwe. Onaninso ici: pa mzere uliwonse umene mungaimire, anthu pafupifupi 4 mwa 5 alionse ali pa mzere wa pansi, opanda wina pansi pao wowapatsa ndalama. Akalephera amauzidwa kuti sanalimbikire, kapena kuti cikhulupiriro cao n'cocepa. Koma masamu aonetsa kuti ngakhale onse atalimbikira mofanana, ambiri ayenera kukhala pansi kuti ocepa akhale pamwamba.

Makampani otere amaloledwa m'maiko ambiri, ndipo si onse ofanana. Koma boma la America, kumene makampani ambiri a mtundu uwu anayambira, lakhala likulimbana nao. Mu 2016 bungwe lao loteteza ogula, Federal Trade Commission, linagwirizana ndi kampani ya Herbalife kuti ilipire madola 200 miliyoni ndi kusintha njira yolipirira ogulitsa ake, kuti malipiro azicokera pa katundu wogulitsidwadi kwa ogula. Mu 2019 kampani ya AdvoCare inalipira madola 150 miliyoni ndi kuletsedwa kucita malonda a mtundu uwu. Mu 2020 bungwe lomwelo linalembera makalata ocenjeza makampani angapo cifukwa ogulitsa ao anali kunena kuti katundu wao ateteza kapena kuciritsa COVID-19.

Cimene cindiwawa ine ndi kumene mpamba umacokera. Ndi ndalama ya cilimba, ya village banking, ya fetereza, nthawi zina ya kaloba. Mabotolo akhala m'kabati mpaka tsiku lake litapita, koma ngongole siiwala tsiku lake.

Werengani botolo

Pa mabotolo ambiri ocokera ku America pali tizilembo tating'ono ta m'Cingerezi tonena kuti cinthuco sicinapangidwe kuti cipime, ciciritse kapena kuteteza nthenda iliyonse. Lamulo lao la 1994 limalola kuti zoonjezera pa cakudya zigulitsidwe popanda kuyamba zaonetsa umboni wakuti zimaciritsa, monga afunira pa mankhwala enieni. Conco kampani ilemba kuti siciritsa, koma mai wa pa mpingo ndiye anena ndi pakamwa pake kuti iciritsa. Wodwala akafooka, kampani ili kutali. Amene adzayang'anizana ndi anamfedwa pa maliro ndi mai uja.

Kuno kwathu bungwe loyang'anira mankhwala ndi ZAMRA, limene ligwira nchito pansi pa lamulo la 2013. Munthu akakuuzani kuti cinthu cake ciciritsa nthenda, muli ndi ufulu kumfunsa ngati ZAMRA inacilembetsa monga mankhwala a nthendayo. Safunsa anadya phula.

Nanga maumboni aja? Apa tiyenera kusamala kwambiri, cifukwa umboni ndi cinthu cathu ca mu mpingo, ndipo makutu athu anazolowera kuulandira ndi Amen. Pa misonkhano ya malondawa amaimirira mmodzimmodzi, pali nyimbo ndi kuomba m'manja, ndipo wina anena kuti anali kufa koma tsopano ali bwino. Mwina anena zoona ndithu kuti apeza bwino. Koma matenda ambiri amadzilekera okha, ena amabwera ndi kupita. Kawirikawiri wocitira umboniyo akumwanso mankhwala a ku cipatala, kapena analeka zakumwa za shuga ndi kuyamba kuyenda, ndiye ulemu upita kwa botolo. Amene anamwa osacira saitanidwa kutsogolo. Ndipo mboni imene ilandira gawo la ndalama mukagula, ku khoti sangaimvere monga amvera mboni ina.

Coopsa koposa ndi kuleka mankhwala. BP ndi shuga siziwawa masiku onse. Munthu angaleke mapiritsi n'kumva bwino milungu ingapo, kenaka n'kugwa ndi sitroko. Ma ARV, amene boma lathu linayamba kupereka kwaulere mu 2005, apulumutsa miyoyo ya ambiri a ife ndi ana athu, ndipo palibe tiyi kapena ufa umene ungalowe m'malo mwake. Dziwaninso kuti ngakhale osaleka, zoonjezera zina zisokoneza mankhwala. Mapiritsi a calcium, iron kapena magnesium akamwedwa pamodzi ndi dolutegravir, amene ali mu TLD, angacepetse mankhwala olowa m'magazi, cifukwa cake a ku kiliniki amalangiza za nthawi yomwera. Zitsamba zochedwa St John's wort zifooketsa ma ARV ena ndi mapiritsi olera. Ngati mukumwa ciliconse ca m'botolo, citengeni ku kiliniki mukaonetse anasi.

Sitinena kuti zoonjezera zonse n'zacabe. Amai apakati alandira iron ndi folic acid ku sikelo, ana alandira vitamin A, ndipo shuga wa m'masitolo mwathu wakhala ndi vitamin A kuyambira 1998. Zimenezi ziperekedwa pa cosowa codziwika, pa muyeso wodziwika, ndipo wopereka sakupemphani kuti mubweretse anzanu 5.

Kodi mkaka ndi wa anthu?

M'cenjezo lija muli coonadi pang'ono, ndipo n'cifukwa cake limagwira mtima. Mu mkaka muli mtundu wa shuga wochedwa lactose. Kuti thupi liugaye lifuna cinthu cochedwa lactase, cimene matumbo a khanda apanga cambiri. Mwana akaleka kuyamwa, mwa anthu ambiri lactase iyamba kucepa. Pa dziko lonse, akulu pafupifupi 2 mwa 3 alionse ali otero. Ena mwa iwo akamwa mkaka wambiri m'mimba mumalira, mudzaza mpweya, mupota, kapena atsegula. Ngati zimenezi zikucitikirani, simunalodzedwe, ndipo mulibe poizoni m'thupi mwanu wofunika kucotsa ndi tiyi wodula. Shuga uja wangofika m'matumbo a m'munsi asanagayidwe.

Mitundu imene yaweta ng'ombe mibadwo yambiri ili ndi anthu ambiri amene lactase yao siicepa. Afufuzi anaonetsa mu 2007 kuti abusa a ziweto a ku Kenya, Tanzania ndi Sudan ali ndi cibadwa cimeneci mwa njira yaoyao, yosiyana ndi ya azungu a kumpoto kwa Ulaya. Conco mkaka uyanja ena, ena uwayanja pang'ono. Ambiri amene uwavuta angathe kumwa kapu imodzi popanda vuto lalikulu, makamaka pamodzi ndi cakudya kapena mu tiyi ndi phala. Makolo anadziwa kale njira ina: Atonga, Aila ndi Alozi ali ndi mabisi, Angoni ali ndi amasi. Mkaka ukasasa, tizilombo tabwino tadyako gawo la lactose, ndipo m'mimba mulandira bwino. Yogati ndi cimodzimodzi.

Pali vuto lina losiyana, limene lipezeka makamaka mwa ana ang'ono, pamene thupi likana mapuloteni a mu mkaka: ziwengo, kusanza, kutupa milomo, kubanika. Limeneli ndi la ku cipatala, msanga.

Mau akuti palibe nyama ina imene imamwa mkaka wa inzake amveka anzeru, koma palibenso nyama imene iphika nsima, kapena kusungunula ufa wa m'citini. Anthu akhala akukama ziweto zaka zoposa 8,000. Abrahamu anapatsa alendo ake mkaka pa Genesis 18, Miyambo 27:27 ichula mkaka wa mbuzi monga cakudya ca banja, ndipo Paulo pa 1 Timoteo 4 acenjeza za aphunzitsi oletsa zakudya zimene Mulungu analenga kuti tizilandire moyamika. Baibulo si buku la zakudya, ndipo silikakamiza munthu kumwa mkaka. Koma silitipatsa cifukwa coopera mkaka. Ndipo mukawerenga bwino zolembedwa pa maufa ena ogulitsidwa ndi odana ndi mkakawo, mudzapeza mau akuti whey. Whey acokera ku mkaka wa ng'ombe.

Kapu ya mkaka ili ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 8 ndi calcium pafupifupi mamiligalamu 300, yolimbitsa mafupa ndi mano. M'dziko limene ana ambiri apinimbira cifukwa ca kucepa kwa zakudya, kuopseza mai kuti alande mwana kapu ya mkaka n'kulakwa kwakukulu. Amene mkaka suwayanja, kapena sangathe kuugula, asade nkhawa: kapenta wodya ndi minga yake ali ndi calcium wambiri, ndipo bondwe, cibwabwa, repu, nyemba, soya ndi ndiwo zotendera nshawa zithandiza ndithu. Zinthu ziwiri zokha musaiwale. Mkaka wongokama kumene uyenera kuwiritsidwa, ngakhale mufuna kuusasitsa, cifukwa ungathe kupatsira TB ya ng'ombe ndi brucellosis. Ndipo khanda liyamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, ndi kupitiriza kuyamwa mpaka zaka 2 pamodzi ndi zakudya zina.

Za ife a m'Cigwirizano

Katekisma wa Heidelberg, pa Sabata 42, pofotokoza lamulo la 8, saima pa kuba kumene boma lilanga. Achulanso macenjera onse otengera cuma ca mnzako mooneka ngati n'zololeka, monga miyeso yonyenga ndi malonda acinyengo. Funso lotsatira litiphunzitsa kufunira mnzathu zabwino ndi kumcitira monga tifuna kuti ena aticitire. Tsono mai asanalowetse mnzake adzifunse: kodi ndamuuza ndalama zimene ine ndalowetsa ndi zimene zabweradi m'manja mwanga? Kodi ndikadamuitana ngati sindikadalandirapo kanthu?

Makampaniwa afuna ife cifukwa tili ndi cinthu cimene iwo sangagule, ndico kukhulupirirana. Timadziwa amene adwala cifukwa timawayendera. Timadziwa amene alibe mwana, amene amuna ao anacotsedwa nchito, cifukwa anatiuza kuti tiwapempherere. Zopempha za pemphero zikasanduka mndandanda wa makasitomala, amai adzaleka kunena zowawa zao, ndipo wodwala akaona yunifolomu pa khomo adzayamba kubisa kacikwama kake. Wamasiye amavutika kukana pamene womugulitsa ndi mai wa mkulu wa mpingo kapena wapampando, ndiye ife okhala ndi maudindo tiyenera kusamala koposa ena.

Ndipempha makomiti kuti akambirane zoika lamulo lakuti pa msonkhano, pa kuyendera odwala, ndi pa gulu la WhatsApp la Cigwirizano pasakhale kugulitsa kapena kulowetsana m'malonda awa. Mai amene analowa kale ndipo ali ndi ngongole asasekedwe. Amai awiri odziwa masamu akhale naye, alembe zonse zimene analowetsa ndi zimene analandira, aone ngati kampani ilola kubweza katundu wosatsegula, ndipo asaonjezenso ngongole ina pofuna kupulumutsa yoyamba. Ngati pali amene analeka mankhwala a ku cipatala, mmodzi wa ife amperekeze ku kiliniki mlungu uno.

Pa msonkhano wotsatira, aliyense amene ali ndi botolo kapena citini ca zinthu izi kunyumba abwere naco. Muitane nasi kapena wazaumoyo wa mu mpingo mwanu, muwerenge pamodzi tizilembo tating'ono tija, ndi kulemba pa bolodi mtengo wa botolo lililonse pambali pa mtengo wa kapenta, mazira, nshawa ndi mkaka zimene ndalama yomweyo ingagule pa msika wa kwanu.